Honda imazizira ndi mphepo, musaitseke mphuno

Kwathu kwa Ndake njinga yamoto iliyonse timaitcha honda, ngakhale pathanki atalembapo Boxer kapena TVS. Yanga ndi Boxer. Ndinaigula ndi ndalama za mtedza wa zaka ziwiri, ndipo amayendetsa ndi muphwa wanga, kunyamula anthu ndi mikoko ya nthochi kupita nayo pa Nyimba, pamsewu wa Great East. Mu Okutobala chaka chatha anafika nayo pakhomo akukankha, thukuta lili kamukamu.

"Amalume, yangozima yokha pachitunda. Kiki yalimba gwa, siikutsika."

Makanika wa pa boma atatsegula injini anandiitana kuti ndidzionere ndekha. Pisitoni inali yokandika mbali imodzi ngati wina waipala ndi tupa, malingi atamatirira, oilo atada bii ndipo akununkha chopserera. Kenako anandiika pulagi m'manja. Kumutu kwake kunali koyera mbee ngati phulusa la chitsononkho.

"Amdala, injini yanoka chifukwa cha kutentha. Koma dzuwa musalinamizire. Mnyamata wanuyu amaimana petulo."

Muphwa uja anangoti zyoli.

Galimoto ili ndi radiyeta, madzi ndi fani. Honda zathuzi zilibe zonsezo. Taonani injini yake: yazunguliridwa ndi tizitsulo topyapyala tondandalikana ngati nthiti. Ambiri timayesa nzokongoletsa, pomwe ntchito yake ndi kutenga kutentha kwa m'kati ndi kukupereka ku mphepo yodutsa. Mphamvu ya petulo yomwe imafika ku tayala siikwana ndi theka lomwe. Yotsalayo imasanduka kutentha, kwina kumatuluka ku ekizozi, kwina kumatsalira m'chitsulo. Njinga ikamathamanga mphepo imakuchotsa. Ikaima injini ili chilirire, kapena ikamakwawa mumchenga pa giya wani, moto umakhala wambiri koma mphepo palibe. Pisitoni ndi ya aluminiyamu, imafufuma msanga kuposa chitsulo cha buloko momwe imayendamo. Kutentha kukapyola muyeso imathina n'kugwira. Ndi zomwe zinalimbitsa kiki ija.

Za kumana petulozi nzomwe zinandiwawa, chifukwa mnyamatayo ankayesa akundithandiza. Anzake pa siteshoni anamuuza kuti akatsitsa singano ya m'kabyuleta ndi kupotoza kasikuluu kake, lita imodzi idzamufikitsa kutali. Zoonadi, petulo amachedwa kutha. Chomwe sanamuuze n'chakuti petuloyo akamasanduka nthunzi m'injini amaiziziritsanso, ndiye mpweya ukachuluka iye n'kuchepa, mutu wa injini umatentha koposa. Pulagi imaulula zonse. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, zinthu zili bwino. Ikada ndi mwaye, petulo wachuluka kapena sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi. Ikayera mbee, injini ikupsa. Ndalama zomwe anapulumutsa pa petulo miyezi itatu sizinakwane ngakhale kugula pisitoni yokha.

Oilo ndiye mnzake wa mphepo pa ntchitoyi. Kuwonjezera pa kutelereza zitsulo, amanyamula kutentha kuchoka pansi pa pisitoni kupita nako kumunsi kwa injini. M'tinjinga tathuti mumalowa pafupifupi lita imodzi basi, yemweyo wa injini, wa magiya ndi wa kilatchi. Akachepako kapu imodzi, gawo lalikulu lapita. Ine masiku ano oilo wopimidwa m'mabotolo a madzi akumwa sindigula, ngakhale atchipe bwanji, chifukwa sudziwa wachokera m'chiyani. Ndimafuna botolo losatsegula lolembedwa 4T. Wa galimoto wina amatereretsa kilatchi, ndipo kilatchi yotererayo imabala kutentha kwinanso.

Dzuwa nalonso lili ndi mbali yake, tisakane. Kuno tili m'mphepete mwa chigwa cha Luangwa, ndipo kumunsi kwa Luembe ndi Nyalugwe mwezi wa Okutobala kumatha kupyola madigiri 40. Mphepo yoti iziziritse injini imafika ili yotentha kale. Apo n'kuwonjezapo matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, mwini chimangayo n'kukhala pamwamba pake, kutsogolo kuli zitunda za ku Kacholola. Injini imayamba yachenjeza: mphamvu imachepa, m'kati mumamveka kulira ngati timiyala tikugundana m'chitini, fungo la oilo wopserera limakwera mpaka kumphuno. Imani pamthunzi, zimitsani, dikirani mphindi khumi ndi zisanu kapena kuposerapo. Tikitiki amene mumamumva ikamazizira asakuopseni, ndi chitsulo chikubwerera m'malo mwake.

Madzi okha musathire. Ndaonapo anyamata pa mjigo akukhuthulira ndowa yonse pa injini yotentha, nthunzi kuti fwaa, iwo n'kumaseka. Chitsulo chikazizira mwadzidzidzi kunja, m'kati chikadali moto, chimapindika kapena kung'aluka, ndipo mawa lake oilo amayamba kudontha pa gasiketi.

Mvula ikayamba vuto limasintha nkhope. Matope a m'njira zathu amalowa pakati pa nthiti zija n'kuuma gwa, injini n'kukhala ngati yafunda bulangeti masana. Ena amamangirira sakha kapena chidutswa cha pulasitiki kutsogolo kwa injini kuti buluku lisade, osadziwa kuti atseka njira ya mphepo. Kamtengo ndi madzi pang'ono m'mawa, injini isanalire, zimachotsa matopewo. Mukapita kwa makanika mumuuzenso aone mpata wa mavavu, chifukwa akathina sakhala bwino pamalo pake ndipo amapsa.

Boxer yanga inadzuka, koma inadya ndalama zomwe ndinasungira feteleza. Singano ija tinaibweza pomwe anaiika opanga njingayo, ndipo muphwa wanga tsopano amayenda ndi sipanala ya pulagi m'thumba. Okutobala akubweranso, mwezi wa mwambo wa Tuwimba, pomwe honda zambiri zidzaloza ku Petauke kwa Kalindawalo zitanyamula anthu awiriawiri dzuwa lili pamutu. Inu amene mudzayendetse, musanatchaye kiki imikani njinga chilili, tulutsani kamtengo ka oilo muone pomwe walekeza.