Mtengo wa Khirisimasi ungathe kuchokera pakhomo panu

Mwezi wa Disembala ukafika, matchalitchi, masitolo ndi mabanja ena amafuna mtengo wokongoletsa pa Khirisimasi. Ambiri amathyola nsonga za paini ndi mkungudza m'nkhalango za boma. Mtengo wodulidwa nsonga sukulanso mowongoka, ndipo sudzatulutsa matabwa abwino. Komanso lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo. Njira yabwino ndi kubzala mtengo wanuwanu.

Mtengo woyenera ndi mkungudza womwe ambiri amabzala ngati mpanda, umene alangizi amautcha saipuresi. Uwu ndi wosiyana ndi mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, womwe watsala pang'ono kutha. Saipuresi amakonda malo okwera, ozizira ndi amvula yambiri monga Dedza, Zomba, Thyolo ndi mapiri a Viphya. Kumadera otentha a kuchigwa cha Shire savomera bwino.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Pezani mbande za m'machubu zotalika masentimita 20 mpaka 30. Kumbani dzenje la masentimita 30 m'lifupi ndi 30 kuya kwake, ndipo sakanizani dothi lapamwamba ndi manyowa owolerana. Chotsani chubu mosamala kuti dothi lisagumuke, ndipo bzalani mvula itakhazikika. Siyani mamita awiri pakati pa mitengo, patali ndi khoma la nyumba ndiponso ndi dimba, chifukwa mthunzi wake umafooketsa mbewu.

M'chaka choyamba adani ake ndi mbuzi, chiswe, udzu ndi moto. Tchingani mtengo ndi minga, palirani mozungulira, ndipo thirirani m'chilimwe. Chenjeraninso ndi nsabwe za mkungudza, zomwe zidaoneka koyamba m'Malawi mu 1986. Zimayamwa madzi a nthambi mpaka masamba kufiira. Mukaziona, dziwitsani mlangizi wa zankhalango.

Kuyambira chaka chachiwiri, dulirani nsonga za nthambi za m'mbali kuti mtengo ukhale wotambalala kunsi, wosongoka kumwamba. Nsonga yapakati musaikhudze. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi umakhala utafika msinkhu wokongoletsa. Mukamabzala ingapo chaka ndi chaka, mudzakhala ndi wogwiritsa ntchito, wogulitsa kutchalitchi kapena kusitolo, ndi wina wosiya kuti udzapereke milimo ndi matabwa.

Amene malo ndi ochepa angabzale m'ndowa yakale yoboola kunsi. Mtengowo umalowa m'nyumba masiku ochepa a chikondwerero, kenaka nkubwerera panja uli wamoyo.

Khonsolo ikupempha makomiti a chitukuko m'wadi iliyonse kuti akambirane nkhaniyi ndi mafumu ndi alangizi, ndipo aike mbandezi m'manazale a m'midzi. Wobzala mvula ya chaka chino sadzalowanso m'nkhalango ndi chikwanje mozemba.