Zikho ku Maranello, Miura ku Sant'Agata

Tikalowa m'nyumba yosungiramo mbiri ya Ferrari ku Maranello, pafupi ndi Modena ku Italy, timakumana ndi zikho komanso magalimoto a Formula 1. Sizodabwitsa. Enzo Ferrari anayambitsa timu ya mipikisano mu 1929, ndipo magalimoto apamsewu ankawagulitsa kuti timuyo ipeze ndalama.

Ku Sant'Agata Bolognese, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera pamenepo, nkhani ndi ina. Ferruccio Lamborghini analemera ndi mathirakitala asanatsegule fakitale ya magalimoto mu 1963, koma mipikisano ankaiona ngati yongotha ndalama. N'chifukwa chake m'nyumba ya Lamborghini maso athu amathera pa Miura ya 1966. Ndi galimoto yapamsewu, komatu mainjiniya ake achinyamata anaika injini kumbuyo kwa dalaivala, ngati ya mpikisano.