NTHENDA YA MPOX NDI ANTHU A PAULENDO ODZERA PA MBARE MUSIKA

Usiku wa pa 8 October 2024 moto unabuka pa Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, ndipo pofika m'mawa katundu wa anthu ambirimbiri anali atasanduka phulusa. Sabata yonse imeneyo nkhani m'mabasi ndi m'makomponi inali ya moto basi. Tsono pa 13 October, phulusa lisanazizire bwino, Nduna ya za Umoyo m'dziko la Zimbabwe, Dr. Douglas Mombeshora, inalengeza nkhani ina imene ambiri a inu simunaimvetse chifukwa cha phokoso la motowo. Ndunayo inati anthu awiri apezeka ndi nthenda ya mpox, ndipo aka kanali koyamba kuti nthendayi ipezeke m'dzikoli.

Mmodzi anali mnyamata wa zaka 11 wa mu Harare, amene anali atangobwera kuchokera ku South Africa. Winayo anali mwamuna wa zaka 24 wa ku Mberengwa, dera la migodi lija, amene anali atapita ku Tanzania. Onse awiri anali kupeza bwino pamene nkhaniyi inatuluka. Koma taonani, abale athu a ku migodi: Boma silinatchule maina ao, koma linatchula maulendo ao. Pa nthenda iyi chimene madotolo ayamba kufunsa ndi njira imene munthu wayenda, ndipo ndani mwa ife ayenda njira zazitali koposa munthu wa pa mgodi?

Sitili kunena kuti nthendayi inayambira pa Mbare Musika, iai. Tatchula malowa chifukwa ndi pamene njira zonse zikomana. Wochokera ku Shamva, ku Bindura, ku Kadoma, ku Shurugwi kapena ku Zvishavane atsikira pamenepo. Wopita ku Mutare, ku Masvingo, ku Beitbridge kapena ku Nyamapanda akwerera pomwepo. Alimi a ku Mutoko ndi ku Murewa afika ndi matimati ao usiku, nagona pafupi ndi madengu ao kudikira kucha. Kuyambira kale, Mbare akutchedwabe Harari, makolo athu ochokera ku Nyasaland amafikira komweko pofuna ntchito "ku Halale," ndipo zidzukulu zao zilipobe kufikira lero.

KODI NDI NTHENDA YANJI?

Akuluakulu a zaka zoposa 50 mukumbukira nthomba, ndipo ambiri muli ndi chipsera cha katemera wake pamkono. Nthomba ija inatha pa dziko lonse. Bungwe la za umoyo la World Health Organization linalengeza kutha kwake mu 1980. Mpox ndi mbale wake wa nthombayo, ngakhale ukali wake ndi wocheperapo. Kachirombo kake kanaoneka koyamba mu 1958 mwa anyani amene anali kusungidwa ku Copenhagen m'dziko la Denmark, ndipo mpamene panachokera dzina loti monkeypox. Munthu woyamba kupezeka nako anali khanda la miyezi 9 ku Congo mu 1970. Dzina la anyani lija linali kusokeretsa anthu, pakuti akatswiri aganiza kuti kachiromboka kakhala makamaka mwa tinyama tating'ono ta kutchire monga agologolo ndi makoswe. Linali kuchititsanso kuti odwala azinyozedwa. Kotero mu November 2022 dzinalo linasinthidwa kukhala mpox.

Munthu akatenga kachiromboka, zizindikiro zioneka pasanathe masiku 21, kawirikawiri mkati mwa sabata imodzi kapena ziwiri. Thupi litentha, mutu upweteka, msana ndi minofu ziphwanya, ndipo mwanabere atupa m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche. Kenaka patuluka zotupa. Ziyamba ngati timadontho, zitukuka, zidzaza madzi, zisanduka mafinya, pomaliza ziuma ndi kuchita nkhanambo. Zituluka kumaso, m'manja, kumapazi, m'kamwa, ndiponso kumalo obisika. Ena zimwazika thupi lonse, koma ena kangotuluka kamodzi kapena tiwiri, ndipo awa ndiwo avuta, chifukwa munthu angonena kuti ndi kachithupsa, navala malaya ake, nakwera basi.

Nthendayi itenga masabata awiri kufikira anayi. Wodwala angathe kupatsira anzake kufikira nkhanambo zonse zitagwa ndipo khungu latsopano litamera. Ipatsirana pokhudzana khungu ndi khungu, makamaka pogonana. Ipatsirananso pofunda bulangeti limodzi, pobwerekana thaulo kapena zovala, ndi poyandikizana nkhope nthawi yaitali. Inu mudziwa nokha mmene tigonera pa komponi ndi m'misasa ya makorokoza nthawi yachisanu, pamene bulangeti limodzi lifunda amuna atatu.

ZIMENE ZINACHITIKA PA MGODI WA KU CONGO

Nkhani iyi ikhudza ife koposa ena pa chifukwa ichi. Kum'mawa kwa Congo, m'chigawo cha South Kivu, kuli tauni ya migodi ya golide yotchedwa Kamituga. Cha mu September 2023 madotolo a kumeneko anayamba kuona odwala zotupa, ambiri a iwo ali amuna okumba golide ndi akazi a m'mabala. Atapima anapeza kuti ndi mtundu watsopano wa kachiromboka, umene anautcha clade Ib. Kamituga ndi tauni ya anthu obwera ndi kupita: munthu akumba miyezi ingapo, agulitsa golide wake, nabwerera kwao. Nthenda inatsata anthuwo. Pofika pakati pa 2024 inali itafika ku Burundi, ku Rwanda, ku Uganda ndi ku Kenya.

Pa 13 August 2024 bungwe la Africa CDC linalengeza kuti mpox ndi ngozi ya Africa yense, ndipo m'mawa mwake, pa 14 August, Dr. Tedros Adhanom Ghebreyesus, mkulu wa World Health Organization, ananena kuti ndi ngozi ya maiko onse. Ku South Africa m'chaka chomwecho kunali mtundu wina, uja unazungulira dziko lapansi mu 2022, ndipo anthu ena anafa nao. Zambia inapeza wodwala wake woyamba mu October 2024, munthu wa paulendo wochokera ku Tanzania. Kwathu ku Malawi odwala oyamba anapezeka ku Lilongwe mu April 2025, ndipo mu July 2025 inamveka ku Lago m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Mukaona maina amenewa pa mapu, muona misewu yomweyo imene ife tiyenda.

MMENE AILONDOLERA

Kulondola nthenda kufanana ndi kulondola nyama yolasidwa: mlenje ayang'ana pamene magazi anadontha. Munthu akafika ku chipatala ndi zotupa zokayikitsa, namwino apukuta pa chotupacho ndi kathonje, natumiza kathonjeko ku labotale kukapimidwa, pakuti ndi maso okha nkovuta kusiyanitsa mpox ndi katsabola, mphere kapena chindoko. Wodwalayo amuika payekha, ku chipatala ngati wadwalitsa, kapena kunyumba ngati malo alipo. Pamenepo ndiye payamba mafunso. Munayamba liti kumva kutentha thupi? Munagona kuti? M'chipindamo munali angati? Munafunda ndi yani? Anakuchapirani ndani? Munakwera basi yanji, tsiku lanji? Munagona ndi mkazi kapena mwamuna wina?

Maina onse alembedwa, ndipo aliyense wolembedwa ayang'aniridwa masiku 21 kuti aone ngati thupi litenthe kapena zotupa zituluke. Akadutsa masikuwo ali bwino, dzina lake lichotsedwa. Akadwala, apezeka msanga asanapatsire ena, ndipo mafunso aja ayambanso kwa iye. Chiwerengero chichoka pa kiliniki kupita ku ofesi ya dera, kuchoka apo ku Unduna, ndipo Unduna udziwitsa maiko ena kudzera ku World Health Organization. Ndi njira iyi imene Nduna inadziwira kuti mmodzi anachokera ku South Africa ndipo wina ku Tanzania. Palibe makina amene anaulula zimenezo. Odwalawo ndi abale ao ndiwo ananena.

Tsono tiyerekeze. Mwamuna wina wagwira ntchito pa mgodi ku Shurugwi, ndipo mnzake wofunda naye bulangeti anali ndi tizilonda m'manja. Mwamunayu walandira ndalama zake, wakwera basi, watsika pa Mbare Musika madzulo. Usiku agona kwa mbale wake ku Matapi, m'nyumba zija zinamangidwira amuna osakwatira masiku a atsamunda, mmene lero banja lathunthu likhala m'chipinda chimodzi chogawidwa ndi nsalu. Thupi layamba kutentha, iye ati ndi malungo, namwa panado. M'mawa akwera basi ya ku Nyamapanda, aoloka Zambezi pa Tete, alowa pa Mwanza, ndipo tsiku lachitatu ali pakhomo pake ku Ntcheu, mwana wakhanda ali pamiyendo. Masiku 21 aja sanathe ngakhale theka, koma munthu wadutsa maiko atatu.

Akapita ku chipatala kwaoko nanena zoona, uthenga ungathe kubwerera m'mbuyo kufikira ku Matapi ndi ku Shurugwi. Akanena kuti "Sindinapite kulikonse, ndinali pamudzi pompano," mapazi afufutika, ndipo ana a mbale wake ku Mbare adwala popanda wodziwa kumene nthenda yachokera.

CHIFUKWA CHIANI TIBISA?

Tisanamizane, zifukwa zake zilipo ndipo si zopusa. Wina alibe chitupa chabwino, ndipo aliyense wofunsa mafunso ali ndi cholembera m'manja amuona ngati wapolisi. Wina aopa kuti kapitao akamva, malo ake apatsa munthu wina. Wokorokoza akapanda kulowa m'dzenje tsiku limenelo sadya. Ndipo chachikulu ndi manyazi: zotupa zikatuluka kumalo obisika, munthu aganiza za mkazi wake kumudzi ndi zimene adzafunsa.

Pa za ntchito mverani ichi, chifukwa ambiri sachidziwa. Malangizo a World Health Organization ati munthu amene wangokhudzana ndi wodwala, iye mwini asanaone chizindikiro chilichonse, sayenera kutsekeredwa. Angathe kupitabe ku ntchito, malinga adziyang'anira tsiku ndi tsiku, apewa kugonana ndi maulendo atali kufikira masiku 21 atakwana, ndipo athamangira ku chipatala akangomva thupi kusintha. Kotero kutchula dzina la mnzanu si kumuchotsetsa ntchito. Wodwala yekhayo ndiye ayenera kukhala pansi, ndipo pamenepa ife tiona kuti eni migodi ndi akapitao ali ndi mbali yao. Munthu amene adziwa kuti akadwala masabata atatu adzapeza malo ake atapita, adzabisa ndithu, nadzalowa pansi ndi anzake ali ndi zilonda m'kati mwa ovolosi. Kumusungira malo munthu mmodzi nkotchipa koposa kudwalitsa chipinda chonse.

Pa za manyazi, kumbukirani mnyamata wa zaka 11 uja. Nthendayi igwira ana, igwira amai osamala odwala, igwira anamwino. Kukhala nayo si umboni wakuti munthu anayenda molakwika. Koma ngati munagonadi ndi wina, muuzeni namwino pambali. Iye afuna kupeza munthuyo kuti amupime, osati kuti akaweruze ukwati wanu. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

MANKHWALA NDI KATEMERA

Ambiri achira okha akasamalidwa bwino: zilonda zikhale zaukhondo, munthu amwe madzi ambiri, adye, alandire mankhwala ochepetsa ululu, ndipo asakande kapena kuboola matuza. Ku Congo anayesa mankhwala otchedwa tecovirimat, ndipo zotsatira zake za mu 2024 zinaonetsa kuti sanafulumizitse kupola kwa zilonda. Komabe mwa odwala amene anagonekedwa ndi kusamalidwa bwino pa kuyesako, amene anafa anali ochepa poyerekeza ndi kwina m'dzikomo. Amene ali pangozi yaikulu ndi ana ang'ono, amai apakati, ndi anthu amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala. Inu amene muli pa ma ARV, musawasiye pa komponi popita kumudzi, ndipo musawasiye kumudzi pobwerera.

Katemera alipo, wotchedwa MVA-BN, amene World Health Organization inavomereza mu September 2024. Ku Congo anayamba kubaya anthu mu October chaka chomwecho, poyambira ku Goma. Sabaya aliyense monga muja amachitira ndi nthomba. Ayamba ndi anamwino, okhudzana ndi odwala, ndi ena amene ali pangozi, kotero m'maiko mmene katemerayu wafika, dzina lolembedwa m'buku la wolondola nthenda ndilo likhala patsogolo. Akuluakulu a chipsera pamkono ali ndi chitetezo pang'ono chotsalira, koma asadalire kwambiri katemera wa zaka 50 zapitazo. Anyamata obadwa nthomba itatha alibe ngakhale chimenecho.

Pa 5 September 2025 Dr. Tedros analengeza kuti mpox si ngozi ya maiko onsenso, popeza odwala anali atachepa ku Congo ndi maiko ena. Sananene kuti nthenda yatha. Kachirombo kakadalipo, ndipo mabasi akali kuyenda.

Tsono inu amene mudzatsika pa Mbare Musika thupi likutentha, kapena mutaona chotupa chimene simuchidziwa, musapite kaye kwa mbale wanu. Phimbani zotupazo ndi malaya a manja aatali, sungani bulangeti lanu panokha, ndipo funsani njira ya ku kiliniki ya Mbare. Chipatala cha matenda opatsirana cha Beatrice Road chili pafupi pomwepo, ndipo china ndi cha Wilkins. Zonse ziwiri ndi za Khonsolo ya mzinda wa Harare. Pofika uzani mlonda wa pachipata kuti muli ndi zotupa, kuti asakukhazikeni pa benchi limodzi ndi amai a ana. Tikiti ya basi imene munakwera musaitaye, chifukwa pali dzina la basi ndi tsiku, ndipo namwino adzazifuna.