Kusakopeka pa zogonana: pomwe wopereka uphungu ayenera kusiyanitsa chibadwa ndi matenda

Limodzi mwa madandaulo omwe sasowa kwa opereka uphungu wa m'banja ndi loti wina mwa awiriwo alibe chidwi ndi zogonana. Kawirikawiri dandaulo lotere limatengedwa ngati matenda, ndipo funso loyamba limakhala loti chavuta n'chiyani m'thupi kapena m'maganizo. Koma kafukufuku wasonyeza kuti pali anthu ena omwe sakopeka ndi munthu aliyense pa zogonana chikhalirecho pomwe sakudwala. Pa Chingerezi mkhalidwewu umatchedwa asexuality. Ukapanda kusiyanitsidwa ndi matenda, munthu wabwinobwino amapatsidwa mankhwala osafunika, kapena amakakamizidwa kuchita zomwe sakufuna.

Zomwe ofufuza apeza

M'chaka cha 1948, Alfred Kinsey wa ku America anali ataona kale kuti anthu ena sakopeka ndi amuna kapena akazi, ndipo anawaika m'gulu lomwe analitcha X. Nkhaniyi inangokhala chete kwa zaka zambiri mpaka m'chaka cha 2001, pomwe David Jay anayambitsa bungwe la AVEN, lomwe limalumikizanitsa anthu oterewa pa intaneti.

M'chaka cha 2004, Anthony Bogaert wa pa yunivesite ya Brock ku Canada anasanthula mayankho a anthu oposa 18,000 omwe anafunsidwa za kugonana ku Britain. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100 aliwonse anayankha kuti sanakopekepo ndi aliyense pa zogonana. Kafukufuku wotsatira ku Britain komweko anapeza chiwerengero chotsikirapo, komabe anatsimikizira kuti anthuwa alipo.

Lori Brotto ndi Morag Yule a pa yunivesite ya British Columbia anafuna kudziwa ngati gwero lake lili m'thupi. M'chaka cha 2011 anafalitsa zomwe anapeza atayeza kayendedwe ka magazi kumaliseche kwa azimayi pomwe ankaonera mafilimu odzutsa chilakolako. Matupi a azimayi osakopekawo anachita chimodzimodzi ndi a anzawo. Azimayi omwe anayezedwa anali ochepa, koma zotsatirazo zikusonyeza kuti ziwalo zimagwira ntchito. Chomwe palibe ndi kukopeka ndi munthu wina.

Choncho mkhalidwewu ndi wosiyana ndi kudziletsa, pomwe munthu amakhala ndi chilakolako koma amasankha kudzigwira. Ndi wosiyananso ndi kusowa mphamvu kwa abambo. Komanso sukutanthauza kusowa chikondi: ambiri mwa anthuwa amakonda, amalowa m'banja, ndipo ena amagonana pofuna ana kapena kusangalatsa mnzawo.

Malire a matenda

Buku la DSM-5, lomwe bungwe la American Psychiatric Association linatulutsa m'chaka cha 2013, limati kuchepa kwa chilakolako kumakhala matenda pokhapokha ngati kwatha miyezi pafupifupi 6 ndipo kukumuzunza mwiniwakeyo m'maganizo. Bukuli limanenanso kuti munthu yemwe sanakhalepo ndi chilakolako, ndipo amadzizindikira kuti ndi asexual, asamulembe kuti ali ndi matendawa. Nalo buku la ICD-11 la bungwe la WHO, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, limafuna kuti pakhale kuvutika kwa mwiniwake lisanatchule matenda.

Pa chifukwa ichi, mafunso awiri ndi ofunika kwambiri pofufuza mbiri ya munthu. Loyamba ndi loti izi zinayamba liti. Ngati chilakolako chinalipo kenako n'kuzirala, pamafunika kufufuza zomwe zachititsa: matenda ovutika maganizo, mankhwala ake monga fluoxetine, matenda a shuga, vuto la chithokomiro, kuchuluka kwa homoni ya prolactin, kuchepa kwa testosterone, kuyamwitsa, ululu pogonana, kapena nkhanza za m'banja. Zambiri mwa izi zili ndi chithandizo, ndipo kuzitcha chibadwa popanda kuyeza n'kumulakwira wodwala. Koma ngati munthu sanakopekepo ndi aliyense kuyambira pomwe anatha msinkhu, nkhani yake ndi ina.

Funso lachiwiri ndi loti kuvutikako kukuchokera kuti. Munthu akhoza kufika ku chipatala akulira, koma chomuliza n'kukhala mawu a mwamuna kapena mkazi wake, achibale, kapena mantha oti banja litha. Kuvutika kotere n'kwenikweni ndipo kumafunika chithandizo, koma sikusonyeza kuti thupi lake lili ndi vuto. Yule, Brotto ndi Boris Gorzalka anakonza mndandanda wa mafunso 12 m'chaka cha 2015 wothandiza kuzindikira mkhalidwewu. Mafunsowa anakonzedwa m'Chingerezi, ndipo salowa m'malo mwa kucheza ndi munthu mofatsa.

Kuthandiza awiriwo

M'banja lotere onse awiri amamva kuwawa. Yemwe ali ndi chilakolako amadziona ngati wokanidwa, ndipo nthawi zina amaganiza kuti mnzake ali ndi chibwenzi. Winayo amadziona ngati wopereŵera ndipo amaopa usiku ukamayandikira. Kuno ku Malawi nkhani zoterezi zimayamba zafika kwa ankhoswe, alangizi kapena akuluakulu a mpingo zisanafike ku chipatala, ndipo ena amakhala atayesa kale zitsamba monga gondolosi kapena mapiritsi a sildenafil. Mapiritsiwa amathandiza magazi kufika ku chiwalo cha abambo, koma sabweretsa kukopeka komwe kunalibe.

Wopereka uphungu ayambe wacheza ndi aliyense payekha, chifukwa pamaso pa mnzake munthu amabisa zambiri, kuphatikizapo nkhanza. Kenako afotokozere onse awiri za mkhalidwewu momveka bwino. Kwa yemwe amadziona wokanidwa, kumva kuti mnzake sakopeka ndi wina aliyense, osati iye yekha, kumachepetsa mkwiyo ndi kukayikirana.

Cholinga cha uphunguwu si kusintha munthu, koma kuthandiza awiriwo kugwirizana. Akambirane zomwe aliyense amakondwera nazo, zomwe angalole ndi mtima wonse, ndi zomwe sangalole konse. Ena amasangalala ndi kukumbatirana ndi kugona limodzi popanda kugonana. Ena amagwirizana za nthawi yomwe angagonane, kapena za momwe angaberekere ana. Kulola chifukwa cha mantha kapena kuopsezedwa si chilolezo, ndipo uphungu usakhale njira ina yokakamizira munthu. Zofuna za winayo nazonso zisanyozedwe. Mabanja ena amapeza njira yowakomera onse, pomwe ena amaona kuti kuli bwino kusiyana mwamtendere.

Ndi wogwira ntchito ya zaumoyo yemwe ali ndi udindo woyeza ndi kuchotsa kukayikira konse kwa matenda. Koma dzina loti asexual mwiniwake ndiye amasankha kulitenga kapena ayi, ndipo zomwe waulula m'chipinda cha uphungu zisafike kwa achibale kapena ankhoswe iye asanavomere.