Kuteteza Kabichi, Repu ndi Mpiru ku Mbozi Popanda Mankhwala Oopsa

Unduna wa Zamalimidwe ukukumbutsa onse olima ndiwo zamasamba mu mzinda wa Lilongwe, kaya kuseri kwa nyumba ku Area 3, 9, 10, 12 ndi 43, kaya m'madimba a m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi, kuti nyengo yotentha ya Seputembala mpaka Novembala ndiyo imene mbozi zimasakaza kwambiri kabichi, repu, mpiru ndi tanaposi. Ambiri akaona masamba obooka amathamangira kupopera mankhwala amphamvu sabata iliyonse. Njirayi imawononga ndalama, imasiya poizoni pa ndiwo zodyedwa pakhomo kapena zogulitsidwa ku msika waukulu wa ku Old Town, ndipo kawirikawiri mbozizo sizitha.

Mdani wamkulu ndi kambozi kobiriwira, kotalika pafupifupi sentimita imodzi, kochokera ku mazira a kagulugufe kotuwa kamene akatswiri amakatcha Plutella xylostella. Kamadya kunsi kwa tsamba n'kusiya kachikopa koonekera ngati pepala lopyapyala. Kakakhudzidwa kamaphiriphitha chobwerera m'mbuyo, n'kulendewera pa kaulusi. Kukatentha, dzira limasanduka gulugufe woikiranso mazira m'masabata awiri kapena atatu okha, choncho mibadwo ingapo imakulira m'dimba limodzi mbewu isanakololedwe. Mvula imakokolola timbozi tambiri, n'chifukwa chake vutoli limakula m'chilimwe. Palinso mbozi ina, Hellula undalis, imene imaboola nsonga ya mbande. Kabichi wogwidwa nayo amafa kapena amabereka timitu tambirimbiri tosagulitsika.

Plutella amadziwika pa dziko lonse chifukwa chozolowera mankhwala msanga. Mu 1953 zinadziwika pa chilumba cha Java ku Indonesia kuti DDT wasiya kumupha, ndipo kuyambira pamenepo wakhala akupirira mitundu yambiri ya mankhwala. Mankhwala amphamvu amaphanso timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira m'thupi la mbozi, pamodzi ndi akangaude ndi tizilombo tina todya mbozi. Adani amenewa akatha, mbozi zopulumuka zimaswana popanda choletsa. Ku Kenya, bungwe la icipe linamwaza kamavu kotere, Diadegma semiclausum, m'minda ya kabichi kuyambira mu 2002, ndipo alimi a kumadera okwera anachepetsa kupopera.

Chitetezo chenicheni chimayambira pa nazale. Mbande ziphimbidwe ndi ukonde wa timabowo ting'onoting'ono wogulira ntchito imeneyi, osati neti yogonamo. Mbewu zikaokedwa, mlimi kapena wosamalira dimba ayendere mabedi kawiri pa sabata, akutembenuza masamba ndi kusuzumira pamtima pa mbewu. Pa dimba laling'ono la pakhomo, kutola mbozi ndi manja n'kuziphwanya kumakwanira. Kuthirira ndi kheni kuchokera pamwamba madzulo kumagwetsa timbozi ndipo kumasokoneza agulugufe, amene amaikira mazira kukayamba mdima.

Mbozi zikachuluka, nimu ndiye woyamba kuganiziridwa. Magalamu 50 a maso a njere zouma asinjidwe, aviikidwe mu lita imodzi ya madzi usiku wonse, asefedwe pa kansalu, ndipo muikidwe sopo pang'ono kuti madziwo amatirire pa tsamba loterera la kabichi. Nimu saapha nthawi yomweyo: mbozi imaleka kudya, imalephera kufundula, kenaka imafa. Masamba a mthuthu, umene ena amati ombwe, amathandizanso: magalamu 100 a ufa wa masamba oumitsidwa pamthunzi pa lita imodzi ya madzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2012 anapeza kuti m'Malawi muli mitundu iwiri ya mthuthu yooneka mofanana, ndipo umodzi ulibe mphamvu yopha tizilombo. Choncho wofuna kudzala afunse alangizi za mbewu yodalirika. Mthuthu umapha nsomba, kotero zotsalira zake zisatsukidwire mu mtsinje kapena m'damu.

Mankhwala achilengedwe ogulidwa m'sitolo otchedwa Bt, opangidwa kuchokera ku bakiteriya wa m'nthaka, amapha mbozi yokhayo imene yadya tsamba lopoperedwa, osavulaza njuchi kapena timavu tija. Bt, nimu ndi mthuthu zonse zimatha mphamvu padzuwa, choncho zipoperedwe madzulo, kunsi kwa masamba, mbozi zikadali zazing'ono. Bt asinthanitsidwe ndi nimu, pakuti Plutella anazolowerapo ngakhale Bt ku Hawaii kumene ankamupopera mosalekeza. Madzi a fodya asagwiritsidwe ntchito pa ndiwo ngakhale fodya ali wosavuta kupeza mu Lilongwe, chifukwa chikonga chake ndi poizoni kwa munthu.

Akatha kukolola, mlimi azule zitsa zonse ndi kuzikwirira, chifukwa mphukira zake ndizo zimasunga mbozi kudikira mbewu yatsopano. Pa bedi lomwelo padzalidwe anyezi, nyemba kapena kaloti. Repu, mpiru ndi tanaposi ndi a banja limodzi ndi kabichi, kotero kusinthanitsa mbewu zimenezi si kasinthasintha. Mankhwala alionse ogula akhale ovomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, ndipo ndiwo zitsukidwe bwino ndi madzi aukhondo zisanaphikidwe. Ofuna thandizo pozindikira mbozi atengere tsamba logwidwa kwa alangizi a zaulimi a m'dera lawo.