Musanagule galimoto yokokera kalavani, yambani mwaona laisensi

Chaka chikakhala chabwino, fodya n'kuyenda bwino ku okushoni ku Kanengo, soya ndi mtedza n'kupeza msika, maganizo a mabanja ambiri kwa Kabudula, ku Nsaru, ku Namitete mpaka ku Nambuma amathamangira pa chinthu chimodzi: galimoto.

Sikuti n'kufuna kutchuka ayi. Ndalama zomwe mlimi kapena wageni amataya pa hayala chaka chilichonse n'zowawa. Ngolo ya ng'ombe imathandiza kututa zokolola kuchoka kumunda kufika pakhomo, koma singapite ku Kanengo, kapena kukapikula katundu wa m'golosale ku Lilongwe n'kubwerako tsiku lomwelo.

Poti ndalama za lole sizikwana, ena amagwa m'nzeru yoti agule galimoto yaing'ono, kenaka apite kwa owotcherera zitsulo akawapangire kalavani yoti azikoka kumbuyo. Nzeruyi ndi yabwino ndithu, koma ili ndi msampha womwe ambiri amaudziwa mochedwa, ataima kale pa rodibuloko kapena galimoto itagona m'ngalande.

Mawu akuti kalavani adachokera kwa Angerezi. Kwawoko amatanthauza kanyumba ka matayala, kokhala ndi pogona ndi pophikira, komwe mabanja amakoka popita kutchuthi. Kuno zoterozo zimangooneka mwa apo ndi apo ndi alendo opita kunyanja. Kalavani yodziwika m'misika ya kumadzulo kwa Lilongwe ndi ngolo yachitsulo yonyamulira matumba, mabelo, njerwa ndi makireti. Koma pamaso pa lamulo zonsezi n'chimodzimodzi: ndi chinthu chokokedwa, ndipo chili ndi malire a kulemera kwake.

Lamulo la zapamsewu la Road Traffic Act la 1997 limafuna kuti munthu aziyendetsa galimoto ya gulu lomwe laisensi yake ikumulola. Magulu omwe nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services imagwiritsa ntchito ndi ofanana ndi a maiko ena a m'bungwe la SADC monga South Africa, ndipo amalembedwa ndi malembo pakhadi la laisensi.

Gulu lomwe anthu ochuluka amatenga akachoka kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto ndi B. Limalola kuyendetsa galimoto yomwe kulemera kwake konse, itasenza katundu mpaka pamlingo wake, sikupitirira makilogalamu 3,500. Limalolanso kukoka kalavani, koma yosapitirira makilogalamu 750.

Kalavani ikaposa pamenepo pamafunika EB. Galimoto ikaposa makilogalamu 3,500 koma osapitirira 16,000 pamafunika C1, ndipo ngakhale mwini C1 malire ake a kalavani ndi omwewo a 750, pokhapokha akhale ndi EC1.

Apa mpomwe pagona nkhani. Manambalawa sakunena za katundu yemwe wanyamulidwa lero. Akunena za mlingo womwe galimoto kapena kalavani idaloledwa kusenza, womwe m'mapepala amaulemba kuti GVM. Mlingowu umaphatikiza chitsulo cha galimotoyo, mafuta, anthu okwera ndi katundu. Choncho kalavani yomwe idalembetsedwa pa makilogalamu 1,200 imafuna EB ngakhale ikuyenda yopanda kanthu. Kudandaulira wapolisi kuti muli matumba awiri okha sikusintha chilembo chomwe chili pakhadi.

Msampha wina uli kumbuyo kwa malole ang'onoang'ono ochokera ku Japan. Ambiri mwa iwo amabwera ndi kachikwangwani ka zilembo za Chijapani kotsatana ndi nambala monga 2000kg. Wogula akaona nambalayo amasangalala kuti ili pansi pa 3,500, ndiye kuti B yake ikwanira. Ayi ndithu. Nambalayo ndi ya katundu yekha. Lole ya matani awiri monga Mitsubishi Canter, Isuzu Elf kapena Toyota Dyna, ikaphatikizidwa ndi kulemera kwa thupi lake, nthawi zambiri imadutsa makilogalamu 4,000. Imeneyo ndi ya C1, ndipo woyendetsa galimoto ya katundu yolemera chotere amafunikanso chiphaso chapadera cha madalaivala a ntchito chotchedwa PrDP.

Timalole monga Mazda Bongo, Nissan Vanette ndi Toyota TownAce, tomwe timanyamula pakati pa makilogalamu 750 ndi tani imodzi, timakwana bwinobwino m'gulu la B. Chimodzimodzinso mapikiyapu ambiri a tani imodzi.

Nanga makilogalamu 750 ndi matumba angati? Masamu ake ndi osavuta, koma amakhumudwitsa. Kalavani payokha ili ndi kulemera. Ngati chitsulo, matabwa ndi matayala ake zikulemera makilogalamu 250, otsala ndi 500, kutanthauza matumba khumi a chimanga kapena feteleza a makilogalamu 50. Likakhala belo la fodya la makilogalamu pafupifupi 100, ndi mabelo asanu basi. Ndipo owotcherera zitsulo, pofuna kuti kasitomala asadzabwere kudzadandaula kuti yathyoka, amakonda kuika zitsulo zochindikala. Kilogalamu iliyonse yomwe yawonjezeka pachitsulo yachotsedwa pa katundu.

Pikiyapu ya tani imodzi, dalaivala ndi womuthandiza atakwera, imatsala ndi malo a matumba pafupifupi 17. Kuphatikiza ndi khumi a m'kalavani akukwana 27, ngati galimotoyo idaloledwa kusenza ndi kukoka zonsezo nthawi imodzi. Lole ya matani awiri imanyamula matumba 40 popanda chokoka chilichonse. Banja lomwe limakolola matumba mazana awiri liyenera kukhala pansi n'kuwerengera maulendo ndi mafuta lisanasankhe pakati pa ziwirizi, chifukwa mwina yankho si kalavani konse, koma kubwerera kusukulu kukatenga C1.

Laisensi ndi mpanda woyamba chabe. Wachiwiri ndi mphamvu za galimotoyo, zomwe amaika malire ake ndi omwe adaipanga.

Magalimoto opangidwira msika wa ku South Africa kapena ku Ulaya amakhala ndi kachitsulo kapena kapepala, m'mbali mwa chitseko kapena pafupi ndi injini, kolembedwa manambala anayi. Yoyamba ndi GVM ya galimotoyo, yachiwiri ndi kulemera kwa galimoto ndi kalavani pamodzi, ndipo ziwiri zotsalazo ndi zomwe ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo zingasenze. Nambala yachiwiriyo ndiyo yofunika kwa wokoka. Magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, omwe ndiwo adzaza m'misewu ya dziko lino, kawirikawiri sakhala ndi manambalawa pakachitsulo kawo. Zikatero wogula afunse bulubuku ndi mapepala omwe galimotoyo idalowera nawo m'dziko, ndipo aone ndi maso ake, osangomva za m'kamwa mwa wogulitsa. Paja safunsa adadya phula.

Toyota Probox, yomwe ambiri amaitama kuti ndi bulu, idapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 400, omwe ndi matumba asanu ndi atatu. Zoti ena amaisenzetsa kawiri kuposa pamenepo, mpaka kumbuyo kumachita kukhula pansi, sizisintha nambalayo. Sienta ndi anzake adapangidwira kunyamula banja m'misewu yosalala ya m'tauni, ndipo ambiri ali ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT yomwe imatentha msanga ikamakoka cholemera pamtunda kapena m'matope. Mtengo wa giyabokosi ina ukhoza kumeza phindu la munda wonse wa soya.

Komabe vuto lalikulu pokoka si kunyamuka. Ngakhale kagalimoto kofooka kamatha kugwedeza kalavani yodzaza pamalo athyathyathya. Vuto ndi kuima.

Makalavani ambiri opangidwa m'misika alibe mabuleki akeake. Dalaivala akaponda buleki, kulemera konse kwa kumbuyoko kumakankha galimoto, ndipo mtunda woimira umatalika. Pamsewu wa Lilongwe-Mchinji, pa Mpingu kapena pa Namitete, pomwe njinga za kabaza, ngolo za ng'ombe, mbuzi ndi ana asukulu amagawana phula lomwelo, mamita ochepa owonjezerawo ndi moyo wa munthu. Pokhota, kalavani yolemera imatha kukankha kumbuyo kwa galimoto n'kuitembenuza.

N'chifukwa chake makampani opanga magalimoto amapereka manambala awiri. Mitundu ina ya Toyota Hilux yatsopano imaloledwa kukoka mpaka makilogalamu 3,500, koma pokhapokha kalavaniyo ili ndi mabuleki. Ikakhala yopanda mabuleki, malire ake ndi 750. Malamulo a ku South Africa amapita patsogolo: kalavani yopanda mabuleki oimira poyenda isapose theka la kulemera kwa galimoto yoikokayo ili yopanda katundu. Potengera muyezo umenewu, galimoto ya makilogalamu 1,200 ingakoke 600 okha. Ku Britain, mabungwe a eni makalavani amalangiza ongoyamba kumene kuti kalavani yodzaza, ngakhale ya mabuleki, isapose magawo 85 pa 100 alionse a kulemera kwa galimoto. Mfundo yake ndi imodzi: chokokacho chilemere kuposa chokokedwa.

Izi zikutanthauzanso kuti munthu wa laisensi ya B yemwe wagula pikiyapu yaikulu ndi cholinga chokokera matani awiri walipira mphamvu zomwe lamulo silimulola kugwiritsa ntchito mpaka atapeza EB. Naye wa EB yemwe wagula kagalimoto kopepuka sadapindule kanthu ndi chilembo chakecho. Pa malire atatu, a laisensi, a galimoto ndi a kalavani, otsikitsitsa ndiwo amalamula.

Kalavaniyo nayo ndi galimoto pamaso pa boma. Imayenera kulembetsedwa, kukhala ndi nambala yake, kuyesedwa ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, komanso kukhala ndi magetsi a buleki, maindiketa ndi zonyezimira. Mmisiri wabwino amauziratu kasitomala zimenezi asanayambe kudula chitsulo.

Matayala ndiwo amanyozedwa kwambiri. Ambiri amaika akaunjika ochotsedwa kugalimoto yaing'ono. Pambali pa tayala lililonse, pambuyo pa manambala a saizi, pamakhala nambala yosonyeza katundu yemwe lingasenze. Mwachitsanzo 75 ndi makilogalamu 387, pomwe 82 ndi 475. Matayala awiri a 75 ndiye kuti akungokwanira pang'ono kalavani ya 750, ndipo apo ndi pomwe ali atsopano komanso opopedwa bwino. M'misewu yafumbi yochoka m'midzi kukalowa mumsewu wa Kasiya ndi Santhe, momwe muli mabampu ndi zigwembe zokumbika ndi mvula, tayala lotopa silichedwa kuphulika.

Chokolekera chimangidwe ku chasisi ya galimoto ndi mabawuti, osati kuwotcherera kubampala. Mpira wachitsulo wokolekapo womwe umagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi wa mamilimita 50, ndipo kapu ya kalavani ifanane nawo. Pakhalenso tcheni chogwira kalavani ikapulumuka. Popakira, katundu wolemera akhale pansi, pamwamba pa ekiselo kapena kutsogolo kwake pang'ono. Akachuluka kumbuyo, kalavani imayamba kuvina uku ndi uku liwiro likakwera. Akachuluka kutsogolo, imapsinja kumbuyo kwa galimoto n'kupeputsa matayala okhotera. Za kukweza anthu m'kalavani, kaya n'kumaliro kaya kuukwati, zisayerekezedwe n'komwe.

Wina anganene kuti chindapusa cha pamsewu n'chochepa poyerekeza ndi phindu. Koma chindapusa si chimene chimagwetsa banja. Inshulansi yoteteza anthu ena ndi yokakamiza kwa galimoto iliyonse m'dziko muno, ndipo mapangano ambiri a inshulansi amanena kuti dalaivala akhale ndi laisensi yoyenera galimoto yomwe akuyendetsa. Ngozi ikachitika munthu wa B akukoka kalavani ya EB, kampani ili ndi pokanira kukonza galimotoyo, ndipo mlandu wa chipukutamisozi ukhoza kutsatira mwini wake mpaka pakhomo, pomwe pali ng'ombe ndi munda.

Abale a kunja nawo amasokoneza nthawi zina. Ku Britain, kuyambira pa 16 Disembala 2021, omwe ali ndi laisensi ya galimoto yaing'ono adaloledwa kukoka kalavani yofika makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena. Ku South Africa, omwe adali ndi laisensi yakale ya Code 08 adapatsidwa EB pomwe dzikolo lidasinthira ku malaisensi a khadi mu 1998, n'chifukwa chake madalaivala achikulire a ku Joni amakoka makalavani aakulu popanda vuto. Zonsezi n'zoona kumeneko, koma wapolisi wa pa Namitete amawerenga chilembo chomwe chili pakhadi la yemwe wamuimitsa.

Kwa banja lomwe laona kuti EB kapena C1 ndiyo njira, nthawi yabwino yoyambira kuyendera ofesi ya Road Traffic ku Lilongwe ndi msika wa fodya usanatsegulidwe, womwe kawirikawiri umayamba cha mu Epulo, osati mabelo atadindidwa kale. Ndipo ngakhale yemwe akukhalabe pa B ndi kalavani yake yaing'ono ali ndi luso limodzi loti aphunzire: kubwerera chambuyo. Chiwongolero chikakhotera kumanja, kalavani imalowera kumanzere, ndipo ikakhala yaifupi imapindika msanga mpaka kugunda galimoto. Bwalo la mpira la pasukulu Loweruka masana, ndi zigubu zinayi zoimika ngati geti, n'zokwanira kuyesererapo munthu asanakaime pamzere ku Kanengo, malole akumuimbira hutala kumbuyo.