Kamtanda kobisala kuseri kwa chiwongolero cha ndege

Ana inu a ku Ntcheu, ndani sanakhomepo galimoto ya mawaya? Chiwongolero chake chimakhala chachitali, chochokera m'manja mwanu kutsetserekera pansi pa mateyala akutsogolo. Waya wa chiwongolerowo amabwera chopendekeka, komabe mukapotoza kumwambaku mateyala amamvera. Chinsinsi chili pamene mwakowetsa waya wa chiwongolero ku waya wa mateyala: pamafunika papindike, koma pazizunguliranso.

Vuto lomweli ali nalo opanga galimoto zenizeni. Tsiku lina lole yonyamula kabichi ndi mbatatesi ikaima pa Lizulu kapena pa mphambano ya ku Tsangano, muwerame patali ndithu, osalowa pansi pake, muyang'ane kumimba kwake. Muona chitsulo chachitali ngati mpope chochokera chakutsogolo kukafika ku mateyala akumbuyo. Kumapeto kwake kuli mfundo: mafoloko awiri achitsulo okumana chopingasa, ndipo pakati pawo pali kachitsulo kooneka ngati mtanda. Foloko imodzi yagwira manja awiri a mtandawo, inzake yagwira awiri otsalawo. Lole ikagwa m'dzenje, mateyala amakwera ndi kutsika, mfundo ija n'kumapindika, koma kuzungulira osasiya. Pa Chingerezi amaitcha universal joint. Si nzeru yadzana ayi. Katswiri wa ku England, Robert Hooke, anaifufuza ndi kuilemba m'zaka za m'ma 1670, ndipo ena amaitchula ndi dzina la Gerolamo Cardano wa ku Italy, amene anamwalira mu 1576, ndege kulibe, galimoto kulibe.

Nanga ndege zikubwera bwanji pamenepa? Mwina munaonapo kandege kakang'ono kakulira m'mwamba, ngati timene timanyamuka pa Chileka kapena pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Imodzi mwa ndege zotere yodziwika dziko lonse ndi Cessna 172, ya mipando inayi, imene inayamba kugulitsidwa mu 1956. Kutsogolo kwa woyendetsa kuli chiwongolero chokhala ngati nyanga za ng'ombe, ndipo chimagwira ntchito ziwiri. Akachikoka, mbali yakumbuyo ya mchira imakwera, mphuno ya ndege n'kuloza kumwamba. Akachikankha, mphuno imaweramira pansi. Akachipotozera kumanja, kapiko ka kumapeto kwa phiko lakumanja kamakwera, ka kumanzere kamatsika, ndege n'kupendekera kumanja.

Apa ndiye pagona nkhani. Mpope wa chiwongolero umalowa pa bowo pakati pa mawotchi a woyendetsa, n'kukalumikizana ndi mzati wachitsulo woima kuseri. Mzatiwo ndi womangidwa pansi, choncho mutu wake umayenda mokhota ngati mtengo wogwedezeka ndi mphepo, pamene mpope uja umafuna kulowa ndi kutuluka mowongoka. Awiriwa sangamvane popanda mkhalapakati. Mkhalapakatiyo ndi kamtanda kathu kaja, kakang'ono kokwana m'chikhatho. Kamapindika pokoka ndi pokankha, kwinaku kakupereka kupotoza konse ku kagudumu ka mano kamene kamakoka tcheni. Inde, tcheni chofanana ndi cha njinga ya kabaza! Tchenicho chimakoka zingwe zachitsulo zopita kumapiko, komanso chimalumikiza chiwongolero chachiwiri cha wokhala pambali. N'chifukwa chake wina akapotoza chake, cha mnzakenso chimapotoka chokha ngati pali mzukwa.

Chitsulo chilichonse chokhulana ndi chinzake chimadyeka. Zaka zikamapita, kamtandako kamayamba kugwedera, kapena kamauma ndi dzimbiri. Makanika amagwira mbali imodzi kuti isasunthe, n'kugwedeza chiwongolero pang'onopang'ono. Chikamayenda chokha mapiko osayankha, ndiye kuti mfundo yatha. Pa lole, mfundo yotere imachenjeza ndi phokoso, dalaivala n'kuimika pambali pa msewu wa M1, kuthyola nthambi zamasamba n'kuyala pamsewu. Kumwamba kulibe pambali poimika, kulibenso nthambi zothyola. Choncho pa ndege sadikira phokoso. Amayeza nthawi ndi nthawi n'kusintha kasanathyoke.

Kusinthako ine ndimawamvera chisoni amakanika. Malo ake ndi opanikiza kwambiri. Munthu wamkulu amagona chagada pansi m'kati mwa ndege, mutu kumene woyendetsa amaponda, miyendo ili panja pa chitseko, tochi pamphumi, pamwamba pake pali mawaya ambirimbiri osafunika kuwakoka. Amamasula mfundo yakale, n'kulowetsa yatsopano yopangidwira ndege ya mtundu womwewo, osati yotola pa msika kapena yowotcherera. Akamanga amaonetsetsa kuti chiwongolero chikakhala pakati, timapiko tonse tiwiri tili pamzere. Kenako wina amapotoza m'kati, wina ali panja kuyang'ana ngati kapiko koyenera ndi kamene kakukwera. Pomaliza makanika wachilolezo amalemba zonse m'buku la ndegeyo n'kusayina dzina lake.

Mukufuna kuona nokha? Tengani mawaya awiri olimba, mupinde nsonga iliyonse ngati chilembo cha U chokhala ndi timaso kumapeto. Mangani timitengo tiwiri chopingasa ndi mphira, mulowetse nsonga zake m'timaso tija. Mnzanu agwire waya mmodzi momasuka m'chibakera, inu mupendeketse winayo n'kumapotoza. Mukatero mupendeketse kwambiri, mumve mmene kakuyambira kukakamira.